Kutsata mapazi a Tess: momwe ntchito ya kabuku kathu ikuyendera

Sabata yoyamba, Lolemba usiku

Ndayamba lero. Anzanga a m'gulu lathu lowerenga mabuku, amene timakumana Loweruka lililonse masana, andisenzetsa ntchito yolemba kabuku ka m'Chichewa kotsogolera anthu powerenga Tess of the d'Urbervilles, buku la Thomas Hardy limene linatuluka mu 1891. Akufuna masamba osapitirira 30, ndipo andipatsa masabata 6. Ulendo watha titatenga buku lina lachingelezi chakale, theka la gulu linagwa mphwayi tisanafike ndi pakati pomwe. Vuto silinali Chingelezi chokha ayi. Anthu sankalidziwa dziko limene anthu a m'nkhaniyo ankapondamo, ndiye chilichonse chimene ankachita chinkaoneka ngati misala.

Buku limene ndikugwiritsa ntchito ndinaligula pamulu wa mabuku akale mumsika. Chikuto chinali chitathothoka, ndinachimata ndi selotepi. Amene anali nalo poyamba ankalemba ndi pensulo m'mphepete mwa masamba, zambiri ndi matanthauzo a mawu ovuta. Koma kumapeto kwa gawo loyamba, pamene Tess wagona tulo m'nkhalango ya The Chase ndipo mnyamata wa m'banja lolemera dzina lake Alec wamupeza, analemba mawu awiri okha m'Chichewa, modinikiza mpaka pensulo kuboola pepala: "Walakwa ndani?" Ndakhala ndikuyang'ana mawu amenewo kwa kanthawi. Funso lomwelo ndi limene linagawanitsa anthu a ku London zaka zoposa 130 zapitazo.

Ndondomeko yanga ili motere: choyamba nkhaniyo mwachidule, kenako mbiri ya nthawi imeneyo, pomaliza mmene owerenga ndi owunika mabuku analilandirira. Chidulecho ndalemba kale. Mtsikana wa m'banja losauka la Durbeyfield, bambo ake auzidwa ndi m'busa kuti ndi mbadwa za banja lakale lolemekezeka la d'Urberville. Hatchi yawo Prince yafa pangozi usiku, Tess ali paulendo wopititsa ming'oma ya njuchi kumsika. Makolo amutumiza kwa anthu olemera amene akuwayesa achibale, kumeneko Alec amuwononga. Abereka mwana, mwanayo amwalira. Akondana ndi Angel Clare, mwana wa m'busa, pafamu ya ng'ombe za mkaka. Tsiku la ukwati onse awiri aululirana zakale, mkazi akhululuka, mwamuna akana. Tess abwerera kwa Alec, ndipo mapeto ake ndi mpeni, kuthawa, kugwidwa pamiyala ya Stonehenge, ndi chingwe.

Lachinayi

Ndakakamira pa mzere umodzi. Pansi pa dzina la bukuli Hardy anaikapo mawu akuti "A Pure Woman Faithfully Presented". Iye mwini anadzanena pambuyo pake kuti anawawonjezera kumapeto kwenikweni, atamaliza kuwerenga masamba omaliza ochokera kwa osindikiza, ndipo mawu amenewa ndi amene anthu anakanganirana kuposa china chilichonse m'bukumo.

Nanga "pure" ndimulembe bwanji m'Chichewa? Ndikati mkazi woyera, anthu amva za kutchalitchi, kapena za khungu. Ndikati wangwiro, ndiye kuti alibe banga lililonse, pamene Tess anabisa chinsinsi mpaka tsiku la ukwati, ndipo pamapeto anapha munthu. Wosalakwa ndi mawu a kukhoti, ndipo khoti linamupeza wolakwa. Namwali sizingatheke, popeza gawo lachiwiri la bukuli dzina lake lomwe likunena kuti sanalinso namwali. Ndalemba mawu onse anayi pakapepala ndipo ndakamata pakhoma pamwamba pa tebulo. Ndidzabwererako.

Sabata yachiwiri, Lachiwiri

Masiku anayi apitawa ndakhala ndili ku Dorset, dera la ku England, m'maganizo. Hardy anabadwira komweko pa 2 June 1840, m'mudzi wa Higher Bockhampton pafupi ndi tawuni ya Dorchester. Bambo ake anali mmisiri womanga ndi miyala. Iye anaphunzira ntchito yojambula mapulani a nyumba, anakagwirako ku London, n'kubwerera kwawo. Dera limene amalitchula Wessex m'mabuku ake ndi chigawo chakumwera chakumadzulo kwa England, anangosintha mayina: Marlott, mudzi wa Tess, ndi Marnhull, Shaston ndi Shaftesbury, Sandbourne ndi Bournemouth, Wintoncester kumene ananyongedwa ndi Winchester. Ngakhale banja la d'Urberville lili ndi gwero lenileni, banja la Turberville limene manda ake ali m'tchalitchi cha ku Bere Regis. Ndajambula mapu pamanja, mayina a m'buku ndi inki yakuda, enieniwo ndi yofiira. Mapu amenewa alowa patsamba lachitatu.

Chimene chanditsegula maso ndi nkhani ya ulimi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1870 ulimi wa ku England unalowa pansi. Tirigu wotchipa wochokera ku America anayamba kufika ndi sitima zapamadzi, mitengo inagwa, ndipo mu 1879 mvula inachuluka mpaka zokolola kuwonongeka. Alimi ambiri anasiya tirigu n'kuyamba ng'ombe za mkaka, chifukwa mkaka sungawoloke nyanja usanasase, pamene njanji, imene inafika ku Dorchester mu 1847, inkatha kuufikitsa ku London usiku umodzi. Ndiye pamene Tess ndi Angel akupititsa zidebe za mkaka kusiteshoni mvula ikugwa, Tess n'kumaganizira za anthu a mumzinda amene adzamwe mkakawo m'mawa osaidziwa ng'ombe imene yautulutsa, si zokometsera nkhani chabe. Umo ndi mmene Talbothays, famu ya mkaka ija, inkapezera ndalama. Kale ndinkawerenga mitu ya ku Talbothays ngati paradaiso wa chikondi. Tsopano ndikumva kulira kwa sitima kumbuyo kwake.

Kumbali inayo kuli Flintcomb-Ash, famu ya nthaka yamiyala kumene Tess akugwira ntchito atasiyidwa ndi mwamuna. M'nyengo yozizira akufukula mbewu zam'nthaka zodyetsa ziweto, mvula ikumulowa mpaka mkati. Kenako kukubwera makina opunthira tirigu oyendera nthunzi, ndipo iye ndi amene amuimika pamwamba kumasula mitolo kuyambira m'bandakucha mpaka mdima, makinawo akunjenjemera pansi pa mapazi ake, osatha kuima ngakhale kuti amwe madzi. Aliyense amene anagwirapo ganyu wolipidwa pa kuchuluka kwa ntchito sadzafuna kumasuliridwa mitu imeneyi.

Chinthu china chimene sindinkachimvetsa ndi chifukwa chimene banja la Durbeyfield linathamangitsidwira m'nyumba bambo atangomwalira. Panali mtundu wa lendi umene nyumba inkaperekedwa kwa moyo wa anthu atatu otchulidwa mayina. Wachitatu akamwalira, nyumba inkabwerera kwa mwini malo. John Durbeyfield anali wachitatuyo. Eni malo sankafuna kuwonjezera mapangano otere, chifukwa anthu okhala m'nyumba zimenezi, monga akalipentala, osula zitsulo ndi ochita malonda ang'onoang'ono, sankagwira ntchito m'minda yawo ndipo sankawagwadira. Tsiku losamuka linali pa 6 April, limene ankalitchula Old Lady Day, pamene mapangano a ntchito a chaka ankatha ndipo misewu inkadzaza ndi ngolo zonyamula katundu wa mabanja. Hardy anali atalemba kale za zimenezi mu 1883 m'nkhani yake yotchedwa "The Dorsetshire Labourer" mu Longman's Magazine, ndipo ziganizo zina za m'nkhaniyo anazilowetsa mu Tess pafupifupi momwe zinalili.

Apa ndi pamene pali fupa la nkhani yonse, m'kuona kwanga. Tess sanabwerere kwa Alec chifukwa cha madiresi okongola. Anabwerera mayi ake ndi azing'ono ake atagona panja, bedi lawo litaimikidwa pambali pa tchalitchi cha Kingsbere, pafupi ndi manda a makolo awo olemekezeka aja. Ndime imeneyi ndailemba kanayi. Ndikufuna wowerenga alione bedilo.

Ndaikamonso mizere iwiri yonena za amuna 6 a ku Tolpuddle, mudzi wa pafupi ndi Dorchester, amene mu 1834 anatumizidwa ku Australia ngati akaidi chifukwa cholumbirirana m'bungwe la antchito a m'minda, komanso za bungwe la antchito a m'minda limene Joseph Arch anayambitsa mu 1872. Sizili m'bukumo, koma zikuonetsa kuti kuyankhula mokweza ku Dorset kunali ndi mtengo wake.

Lachisanu

Magetsi anazima masiku awiri, ndawerengera pa tochi ya foni. Ndangokwanitsa tsamba limodzi, la malamulo. Lamulo la osauka la mu 1834 linaika katundu wolera mwana wobadwa kunja kwa ukwati pamutu pa mayi. Lamulo la kutha kwa maukwati la mu 1857 linkalola mwamuna kusiya mkazi pa chigololo chokha, koma mkazi ankayenera kuonetsa chigololo kuphatikizapo china, monga nkhanza kapena kuthawidwa. Mu 1885, W. T. Stead atalemba nkhani zake mu Pall Mall Gazette zoulula malonda a atsikana ku London, msinkhu umene mtsikana angavomere kugonana unakwezedwa kuchoka pa zaka 13 kufika pa 16. Choncho pamene Angel akukana kukhululukira Tess chinthu chimene iye mwini wangoulula kuti anachita ku London, sakuyankhula zake zokha. Miyeso iwiriyo inali yolembedwa m'malamulo a dziko.

Kanthu kena kakang'ono: Tess akupempha Angel kuti iye akafa adzakwatire mng'ono wake Liza-Lu. Nthawi imeneyo lamulo la ku England linkaletsa mwamuna kukwatira mchemwali wa mkazi wake womwalira, ndipo linasintha mu 1907. Owerenga oyamba ankadziwa kuti ngakhale pempho lake lomaliza linali lotsekeredwa njira.

Sabata yachitatu, Lachitatu

Ndondomeko yanga ija yaphwasuka. Ndinkaganiza kuti mbiri ipita mbali yake, kalandiridwe mbali yake. Sizikutheka, chifukwa bukuli linayamba kuweruzidwa lisanatuluke n'komwe.

Hardy anali atapangana ndi kampani ya Tillotson ya ku Bolton, imene inkagulitsa nkhani zotuluka pang'onopang'ono kwa manyuzipepala. Mu 1889 ataona zimene walemba, anabwerera m'mbuyo. Anapita nayo ku Murray's Magazine, anaikana. Anapita ku Macmillan's Magazine, mkonzi wake Mowbray Morris anaikananso. Pamenepo Hardy anatenga nkhani yake n'kuidula yekha kuti ilowe mu The Graphic, magazini ya zithunzi yowerengedwa m'mabanja, mmene inatuluka sabata ndi sabata kuyambira July mpaka December 1891.

Zimene anadula zandipweteka mtima. Usiku wa m'nkhalango uja unachotsedwa, m'malo mwake Alec akupusitsa Tess ndi ukwati wabodza. Mwana mulibemo. Ndiye kuti mulibenso usiku umene Tess, bambo ake atakhoma chitseko kuti m'busa asalowe, akudzutsa azing'ono ake, kuyatsa kandulo, n'kubatiza yekha mwana wake wodwalayo ndi madzi a mubeseni, kumutcha dzina lakuti Sorrow, ndiko kuti Chisoni. Mulibe manda a pakona ya mpanda wa tchalitchi, pamene ankaikapo osabatizidwa ndi odzipha, ndi maluwa amene anaika m'botolo la jamu. Mutu wa ubatizowo Hardy anausindikiza padera mu Fortnightly Review mu May 1891, wina mu National Observer mu November, ngati munthu wosungitsa ana ake kwa achibale mpaka nthawi ya njala itadutsa. Bukuli litatuluka m'mavoliyumu atatu kumapeto kwa chaka chomwecho kwa osindikiza a Osgood, McIlvaine, anaibwezeretsa mituyo m'malo mwake, kupatula ndime imodzi ya gule wa Loweruka usiku.

Ndipo pali za wilibala. M'bukumo, Lamlungu lina msewu utasefukira, Angel akunyamula atsikana anayi okama ng'ombe m'manja mwake mmodzimmodzi kuwawolotsa, Tess pomaliza. Mu The Graphic akuwakankha pa wilibala, chifukwa mkonzi anaona kuti mwamuna kunyamula atsikana m'manja n'zosayenera kuwerengedwa pabanja. Kanthu kakang'ono, koma kakuonetsa kupanikizika kumene mlembi ankagwiriramo ntchito kuposa ndime zitatu za mafotokozedwe anga. Kalowa m'kabuku.

Kuti anthu amvetse mantha a akonziwo ndafotokoza za msika wa mabuku. Buku latsopano la mavoliyumu atatu linkagulitsidwa mashileni 31 ndi mapeni 6, ndalama yoposa malipiro a masabata awiri a wogwira ntchito m'munda ku Dorset. Anthu ambiri sankagula, ankabwereka ku malaibulale olipira pachaka, wamkulu mwa onse anali wa Charles Edward Mudie, amene anayamba kubwereketsa mabuku mu 1842, ndi wa W. H. Smith. Malaibulale amenewa akakana buku, osindikiza ankaluza. Choncho muyeso wa buku lililonse unali wakuti, kodi bambo angalisiye patebulo mwana wake wamkazi n'kulitola? George Moore anadandaula za zimenezi mu 1885, ndipo Hardy analemba zake mu January 1890 mu New Review, m'nkhani yotchedwa "Candour in English Fiction", nthawi imene mabala a kukanidwa kuja anali asanapole. Dongosolo la mavoliyumu atatulo linagwa mu 1894, malaibulale omwewo atalengeza kuti sadzalipiranso kuposa mashileni 4 pa voliyumu. Tess ndi limodzi mwa mabuku akuluakulu omaliza kutuluka m'njira imeneyo.

Ndasintha kamangidwe. Tsopano zigawo zikhala zotsata moyo wa bukulo: mmene linabadwira, mmene linadulidwira, mmene linatulukira, mmene linamenyedwera.

Loweruka madzulo

Ndinapita ndi masamba 14 kugulu. Ndinawerenga mokweza za bedi lija ndi za wilibala, kenako ndinawaonetsa kapepala kanga ka mawu anayi. Mutu umodzi susenza denga, ndinawauza, ndithandizeni.

Panabuka mkangano umene sindinauyembekeze. Bambo wina, mkulu wa mpingo, anati, "Achimwene, ine ndamumvera chisoni mwanayu, koma anapha munthu. Mukalemba kuti woyera, ine kabukuko sindikapita nako kunyumba." Sananene mwaukali ayi, anali kulankhula zochokera pansi pa mtima, ndipo ndinawamvetsa. Mayi wina wachikulire, amene anaphunzitsa zaka zambiri asanapume, anakhala chete mpaka onse atatha. Kenako anati, "Bambo, inu mukuweruza tsiku limodzi. Mlembiyu akuweruza mtima. Mwanayu analemba kalata youlula zonse, anailowetsa pansi pa chitseko cha mnyamatayo, kalata n'kulowa pansi pa kapeti. Anafuna kunena. Munthu wachinyengo salemba kalata yotere." Atatembenukira kwa ine anati, "Mwananga, usafune mawu oti aliyense agwirizane nawo. Mwini wake sanafune zimenezo."

Pobwerera kunyumba ndinakumbukira zimene zinalembedwa m'mbiri ya moyo wa Hardy, zakuti mayi wina wolemekezeka, Duchess of Abercorn, anamuuza kuti alendo ake ankakangana kwambiri za Tess mpaka iye anayamba kuwafunsa kaye maganizo awo asanawakhazike patebulo, omuikira kumbuyo mbali ina, omunyoza mbali ina. Ife tinachita zomwezo pa mabenchi athu popanda wotiuza.

Sabata yachinayi, Lolemba

Ndamaliza gawo la owunika mabuku a mu 1892. Ndinayenera kukonza maganizo amene ndinali nawo, akuti dziko lonse linaukira bukuli. Si zoona. Manyuzipepala ndi magazini ambiri analiyamikira, ena mpaka kunena kuti ndi ntchito yake yopambana zonse. Linagulidwa kwambiri, mu 1892 linatulukanso mu voliyumu imodzi yotchipa, ndipo ndi buku limene linamuchotsa Hardy pa nkhawa ya ndalama. Otsutsawo anali ochepa, koma anali ndi mawu olemera.

Saturday Review inati wasimba nkhani yosakoma m'njira yosakoma. Andrew Lang, polemba mu New Review, anakhumudwa ndi chiganizo cha kumapeto, pamene Hardy akunena kuti mtsogoleri wa milungu yosafa wamaliza kusewera ndi Tess. Kwa Lang amenewa anali mawu onyoza Mulungu, pamene Hardy anati anangobwereka kalankhulidwe ka mlembi wakale wa ku Greece, Aeschylus. Margaret Oliphant mu Blackwood's Magazine anayamikira mphamvu ya bukuli ndi mmene likuonetsera moyo wa kumudzi, koma sanakhulupirire kuti Tess amene waonetsedwayo akanabwerera kwa Alec. Henry James ndi Robert Louis Stevenson analinyoza m'makalata awo. Nkhonya yowawa kwambiri inachokera mu Quarterly Review mu April 1892, nkhani yopanda dzina la mlembi, imene inadzadziwika kuti analemba ndi Mowbray Morris, yemwe uja anakana nkhaniyi isanasindikizidwe. Hardy atawerenga analemba m'kope lake kuti zikapitirira chonchi asiya kulemba mabuku a nkhani, popeza ndi chitsiru chokha chimene chingaimirire dala kuti anthu achiwombere. Mu July 1892 anawayankha m'mawu oyamba a kusindikiza kwachisanu.

Nditawaika pamodzi otsutsawa ndaona chinthu chimodzi. Mabuku onena za mtsikana wogwa m'mavuto otere analipo kale ambiri, ndipo anthu ankawawerenga akulira. Akanangomupha Tess pamapeto, n'kusiya wowerenga anene yekha kuti tchimo lalipidwa, pakanakhala bata. Chimene sanathe kumeza n'chakuti mlembi anaimirira pachikuto penipeni n'kupereka chigamulo chake mlandu usanayambe. Anawalanda mpando woweruzira. Oliphant ndimamulemekeza kuposa enawo, chifukwa funso lake ndi la mmisiri, lofunsa ngati khalidwe la munthuyo likugwirizana. Koma ndikuganiza kuti yankho lake lili pa bedi lija pambali pa tchalitchi, ndipo ndalemba choncho mosabisa.

Funso la pensulo lija nalo lili ndi mbiri yake. Hardy sanaonetse poyera zimene zinachitika m'nkhalango, ndipo ankasinthasintha mawu. M'kusindikiza koyamba Alec akumwetsa Tess chakumwa cha m'botolo. Mu 1892 botololo linachotsedwa. Komabe m'munda wa tirigu mayi wina akunena kuti anthu anamva kulira m'nkhalangomo usiku umenewo. Mu 1912, m'kusindikiza kotchedwa Wessex Edition, anasinthanso zina n'kubwezeretsa ndime ya gule wa Loweruka usiku. Ndiye ndachenjeza gulu kuti mabuku athu a mumsikawa akhoza kusiyana mawu, tisadzatsutsane pachabe. Ine pandekha ndikuti munthu amene wam'peza ali m'tulo sanavomere kanthu, ndipo ndalemba kuti amenewo ndi maganizo anga.

Lachinayi

Zotsatira ndazidutsa mwachangu, tsamba limodzi ndi theka. Jude the Obscure linatuluka mu 1895 ndipo linamenyedwa koposa. Bishopu wa ku Wakefield, William Walsham How, analengeza kuti analiponya pamoto, ndipo Oliphant analemba nkhani yoti pali gulu la alembi lolimbana ndi ukwati. Hardy sanalembenso buku lina latsopano la nkhani. Mu 1898 anatulutsa Wessex Poems ndipo anakhala wandakatulo mpaka imfa yake pa 11 January 1928. Phulusa lake lili ku Westminster Abbey, mtima wake unaikidwa ku Stinsford kwawo.

Za owunika a pambuyo pake ndasankha ochepa. D. H. Lawrence analemba za Hardy mu 1914. T. S. Eliot anamunyoza mu 1934, ndipo F. R. Leavis sanamuike pa mndandanda wa alembi akuluakulu mu 1948. Arnold Kettle anati nkhani yeniyeni ya bukuli ndi kutha kwa alimi ang'onoang'ono a ku England. Raymond Williams anatsutsa zimenezo, ndipo ndili kumbali yake: Tess si mlimi wa munda wakewake, ndi mwana wa wamalonda wamng'ono, anafika Sitandade 6 kusukulu, amalankhula chiyankhulo cha kumudzi kunyumba ndi Chingelezi cha kusukulu kwa alendo. Ali pakati, monga mmene analili Hardy. Ambiri m'gulu lathu adzadziona pamenepa, ife amene timasintha lilime tikafika pakhomo pa ofesi. Kuyambira m'ma 1980 owunika ngati Penny Boumelha anayamba kufunsa funso lina, lakuti kodi wosimba nkhaniyo, pomangofotokoza milomo ndi thupi la Tess, sakumuyang'ana ndi diso lofanana ndi la amuna amene akuwadzudzula? Funso limeneli landisowetsa mtendere, chifukwa ndabwerera m'bukumo ndipo ndaona kuti lili ndi maziko. Ndaliika m'mafunso okambirana, sindinaliyankhe.

Sabata yachisanu, Lachiwiri usiku

Ndinasiya dala nkhani imodzi mpaka lero. Pa 9 August 1856 mayi wina dzina lake Martha Brown ananyongedwa poyera kunja kwa ndende ya Dorchester chifukwa chopha mwamuna wake. Hardy, ali ndi zaka 16, anali m'khamu la oonerera, pafupi ndithu, mvula ikuwaza. Ali nkhalamba ya zaka zoposa 80 ankakumbukirabe mmene thupi la mayiyo linkaonekera. Kunyonga poyera kunathetsedwa mu 1868, ndipo kuyambira pamenepo anthu akunja ankangodziwa poona mbendera yakuda ikukwera pandende. N'chifukwa chake m'mutu womaliza, wa 59, sitikumuonanso Tess. Tikuima paphiri ndi Angel ndi Liza-Lu, koloko ikugunda 8 koloko m'mawa, ndipo mbendera ikukwera pang'onopang'ono. Mnyamata uja anaona zonse. Mlembi anasankha kuti ife tisaone. Sindinalembe kuti Martha Brown ndiye Tess, chifukwa nkhani zawo n'zosiyana. Ndangoika ziwirizi moyandikana.

Ndachotsa kapepala kaja pakhoma. Patsamba loyamba ndasiya mawu a Hardy m'Chingelezi momwe alili, ndipo pansi pake ndalemba kuti "Mkazi woyera mtima, wosimbidwa mokhulupirika". Mawu akuti mtima ndawonjezera ine, ndipo ndanena choncho m'ndime yotsatira, pamodzi ndi mawu ena atatu amene ndinawakana ndi zifukwa zake. Ndikudziwa kuti ndafewetsa pang'ono chimene Hardy anachisiya chakuthwa. Mayi aja mwina adzati ndagonja. Bambo aja mwina adzatibe sakapita nako kunyumba. Ndawalembera onse awiri uthenga kuti awerenge tsambalo Loweruka lisanafike.

Masamba afika 27. Chatsala ndi kujambulanso mapu moyera, chifukwa inki yofiira yafalikira pa Bere Regis, kutsimikiza zaka zonse kachiwiri, ndi kulemba mafunso a gawo lachisanu, lija dzina lake likuti mkazi ndiye amalipira. Mawa ndipita kukafunsa mtengo wa fotokope ya makope 20.